Hard drive yosadya moto ya laputopu ya kalabu: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Lolemba

Laputopu yafika madzulo ano. Ndi ThinkPad X230 ya mu 2012, ya kalabu ya alimi a mbatatesi kwathu ku Dedza, ndipo amaisunga ndi azakhali popeza ndiwo mlembi. M'menemo muli mayina a mamembala, ngongole za feteleza, ndi kaundula wa matumba amene aliyense wapereka kuti agulitsidwe pamodzi. Kumudziko mawaya a magetsi sanafike. Ali ndi sola imodzi padenga, batire la 12V ndi kainveta, ndipo moto womwewo ndi umene mafoni a makomo oyandikana nawo amadikirira. Dandaulo ndi lakuti laputopu ikumathima msonkhano uli mkati. Munthu wina anawauza kuti chikudya moto ndi hard drive, disiki yosungiramo mafayilo, agule ina yosadya moto, ndiye ntchito yanga ndi yosankha imeneyo n'kuikamo.

Sindigula kanthu ndisanayeze. Mu Windows muli lamulo lakuti powercfg /batteryreport, limene limatulutsa lipoti la batire. Manambala ofunika m'lipotimo ndi awiri: moto umene batire linkasunga lili latsopano, ndi umene likusunga panopa likadzaza. Batire la maselo 6 la X230 linapangidwa kuti lizisunga pafupifupi 63 Wh. Ili likungofika cha m'ma 40 Wh. Kwa amene sanazolowere manambalawa, 40 Wh ndiye kuti chinthu chodya mawati 10 chiyaka maola 4, chodya mawati 20 chiyaka maola 2. Masamu onse a ntchito ino achokera pamenepa.

Kenako ndazula chaja, ndatsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa mawati amene laputopu ikudya, n'kumayang'ana mmene moto ukutsikira. Excel ili yotsegula, Wi-Fi yozimitsa, sikirini yowala mmene azakhali amaisiyira, kutanthauza mpaka kumapeto. Laputopu ikudya pakati pa mawati 12 ndi 13, ndipo nthawi ndi nthawi imalumpha kufika cha m'ma 20 popanda woikhudza. Ikalumpha choncho kanyali ka disiki kamayaka osaphethira, ndipo ukatchera khutu pambali pa kiyibodi umamva kukukuta. Pamenepa munthu uja sananame kwenikweni. Koma batire lotaya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake sichinthu chimene disiki iliyonse ingachize.

Lachiwiri

Disiki imene ilimo ndi ya 500GB, yozungulira ka 7200 pa mphindi, yopyapyala ya 7mm. CrystalDiskInfo, pulogalamu yoona thanzi la disiki, yaionetsa yachikasu, mtundu wa chenjezo, osati yabuluu. Chenjezo lili pa manambala awiri a SMART, kaundula amene disiki imasunga wa thanzi lake: nambala 5, yowerenga timagawo ta disiki timene tinawonongeka n'kulowedwa m'malo ndi tina, ndi nambala 197, ya timagawo tokayikitsa timene sitinasamutsidwe. Onse awiri achoka pa ziro. Nambala 193, imene imawerenga kuti mutu wowerengera wapita kangati kukapuma pambali n'kubwereranso, nayonso yakwera. Madisiki ambiri a m'malaputopu amalonjezedwa ka 600,000, ndipo iyi yadutsa kale theka.

Sizikundidabwitsa. Laputopuyi imayenda m'chikwama pa kabaza, msewu wake wamabampu, ndipo nthawi zambiri amangotseka chivundikiro n'kunyamuka disiki isanaime. Ma ThinkPad ali ndi kachipangizo komva kugwedezeka, kamene kamauza disiki kuti ichotse mutu pa mbale yozungulira ija isanakandike, koma kamadalira pulogalamu yake, ndipo amene anaikamo Windows 10 sanaiikemo.

Ndiye disikiyi ichoka basi, ngakhale ikanakhala kuti siidya moto n'komwe. Tsiku lonse lathera kukopera mafayilo ku kompyuta yanga ndi ku flashi. Onse pamodzi sakufika 30GB, ndipo ambiri ndi zithunzi ndi mavidiyo a ukwati. Za kalabu zenizenizo sizikukwana ngakhale 1GB. Vidiyo imodzi yakana kukopereka, yaima pakati, disiki n'kumalira kuti tsi, tsi, tsi mpaka ndailetsa. Mafayilo a Excel onse atuluka bwinobwino, ndipo ndawatsegula mmodzimmodzi kuti nditsimikize.

Lachitatu

Lero ndi la mapepala. Ndatsitsa mapepala a opanga madisiki, aja amalembapo mawati, ndipo ndakhala nawo nthawi yaitali chifukwa anthu ambiri amasokera pamenepa.

Choyamba ndi zimene zingalowe. Malo a disiki mu X230 ndi a mainchi 2.5, a polumikizira pa mtundu wa SATA, ndipo amalandira ya 7mm. Ya 9.5mm, imene ili mbwee m'malaputopu akale, ndi yonenepa. M.2 ndi NVMe, mitundu yatsopano ya timadisiki ting'onoting'ono, palibe poika, ndipo n'zabwino choncho pa nkhani ya moto, chifukwa ma NVMe othamanga amatha kudya mawati 5 kapena kuposa akapanikizika. Mkati, ukachotsa kiyibodi ndi pogoneka manja paja, muli kamalo ka mSATA, koikapo kadisiki kakang'ono kooneka ngati kabolodi. Zosankha zatsala izi: disiki yozungulira ya 7200 ngati yakaleyi, ya 5400, SSD ya SATA (disiki ya memori yokhayokha, yopanda chozungulira), kapena mSATA pamodzi ndi disiki yozungulira.

Pa pepala, WD Blue ya 1TB ya mainchi 2.5, yozungulira ka 5400, imadya mawati 1.5 ikamawerenga kapena kulemba, 0.5 ikamangozungulira osachita kanthu, ndi 0.1 ikaima. Seagate BarraCuda ya msinkhu womwewo manambala ake ali pafupi pomwepo. Za 7200 zimadya pafupifupi mawati 2 pa ntchito ndi pafupi ndi wati imodzi pongozungulira. Tsopano taonani SSD: Samsung 870 EVO ikamalemba imadutsa mawati 2. Munthu woyang'ana mzere wokhawo anganene kuti ya 5400 yapambana, n'kukagula. Ndawamvapo anzanga okonza makompyuta akunena zomwezo, ndipo pepala ali nalo m'manja ngati umboni.

Chimene pepala silinena ndi nthawi. Batire silimva mawati okha, limamva mawati kuchulukitsa ndi nthawi imene chinthucho chakhala chikudya. Tiyerekeze kuti tikukopera 10GB. Disiki yozungulira ikamayenda pa 100MB pa sekondi itenga masekondi 100, ndipo 100 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 150. SSD pa 500MB pa sekondi itenga masekondi 20, ndipo ngakhale tiipatse mawati 2.5, yankho ndi 50. Yadya kwambiri pa sekondi, koma yamaliza msanga n'kugona. Ndipo apa tayerekeza fayilo yaikulu imodzi, pomwe disiki yozungulira imachita bwino. Ntchito ya Windows ya tsiku ndi tsiku ndi ya timafayilo ting'onoting'ono tomwazikana, pamene mutu uja umayenera kudumphadumpha kufunafuna. Disiki yozungulira imakwanitsa zoterezi pafupifupi ka 100 pa sekondi, SSD ka masauzande ambirimbiri. Nthawi yonse imene disiki ikufufuza, sikirini ikuyaka, purosesa ikudikira, fani ikuzungulira, ndipo zonsezo ndi mawati opitirira 10 amene akupita pachabe.

Pogona ndiye pali kusiyana kwenikweni. SSD yabwino ikaloledwa kugona imatsika kufika cha pa mawati 0.03. Disiki yozungulira nambala yake yokongola ija ya 0.1 imafikapo pokhapokha itaima kuzungulira, ndipo disiki yokhala ndi Windows siima kawirikawiri. Windows imadikira mphindi 10 pa batire isanaiimitse, ndiye mphindi 10 zisanakwane Defender, mlonda wa mavairasi wa Windows, wafuna kuona kanthu, kapena pulogalamu yosanja mafayilo yadzuka, kapena Excel yasunga yokha. Ikapezeka kuti yaima, kuidzutsa kumafuna pafupifupi ampeya imodzi pa 5V, ndiwo mawati 5, kwa masekondi angapo, ndiponso munthu amakhala akudikira. Choncho nambala yoona ya disiki ya 5400 m'laputopu ngati iyi ndi 0.5 kupita m'mwamba, tsiku lonse.

Palinso china chimene chandichotsa mtima pa za 1TB zopyapyalazi. Zambiri mwa izo ndi za SMR. Kuti zinthu zambiri zikwane pa mbale imodzi, mizere yolembapo amaisanja mopitirirana ngati malata a padenga, ndiye kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo. Disiki imayamba yaponya zolembazo pamalo apadera, kenako n'kumazisanja yokha pamene iwe ukuganiza kuti yapuma. Ntchito yobisikayo ndi moto, ndipo pa pepala palibe. Nkhani ya SMR inabuka kwambiri mu 2020, anthu atazindikira kuti madisiki ena a m'maseva ang'onoang'ono anali otere popanda kulembedwa, ndipo kuyambira pamenepo opanga anayamba kutulutsa mindandanda yonena kuti iyi ndi SMR, iyi ayi. Posungira mavidiyo ilibe vuto. Kuikamo Windows, ine ayi.

Pa mabokosi a SSD amakonda kulembapo DevSleep, tulo tofa nato timene timatsitsa disiki kufika pa timamiliwati towerengeka. Inabwera ndi SATA 3.2 mu 2013 ndipo imafuna kuti laputopu nayo iidziwe. X230 ndi ya m'badwo wa Ivy Bridge, chaka chimodzi m'mbuyo, ndiye nambala imeneyo si yathu. Yathu ndi ya HIPM ndi DIPM, njira zakale zogonetsera chingwe cha SATA, ndipo zimenezo ndidzazifufuza disiki ikalowa.

Za mSATA ndazisiya msanga. Kamaloko kamayenda pa SATA II, theka la liwiro la malo aakulu, ma mSATA akusowa m'mashopu, ndipo ukasiya disiki yozungulira m'kati kuti izisunga mafayilo, vuto la kabaza lija likadalipo. Zija zosakaniza zotchedwa SSHD, zokhala ndi kamemori ka 8GB pamwamba pa mbale yozungulira, nazonso zimazungulirabe.

Ndasankha SSD ya SATA ya 500GB. Ndilembe pano zimene ndikuyembekezera zisanachitike: moto utsika ndi pafupifupi wati imodzi. Pa batire la 40 Wh, kuchoka pa mawati 12.5 kufika pa 11.5 ndi kuchoka pa maola 3 ndi mphindi 12 kufika pa maola 3 ndi theka. Mphindi zosakwana 20. Si zimene azakhali akuyembekezera.

Lachinayi

Ndazungulira mashopu a makompyuta m'tauni ku Lilongwe. Madisiki ozungulira ochotsedwa m'malaputopu akufa alipo mulu, otchipa, ena ali ndi zomata za eni ake akale. Ma SSD a mayina achilendo nawonso achuluka, ndipo mitengo yake ina imachititsa munthu kuima kaye.

Pa benchi ina mnyamata wanditulutsira ya m'pepala lonyezimira.

"Akulu, iyi ndi 1TB, oligino. Mtengo ndikupangirani wabwino."

"Tiiyese kaye pa laputopu yangayi, achimwene."

"Aaa, ikatsegulidwa ndiye kuti mwagula, akulu."

Ndathokoza n'kupitirira. Mwina inali yabwinobwino, koma 1TB pa mtengo wotsika kuposa wa 500GB ya dzina lodziwika imafuna umboni. Zachinyengo zimakhala ndi kamemori kakang'ono kamene kanauzidwa kuti kazinena kuti n'kakakulu. Windows imakhulupirira, imaonetsa 1TB, mafayilo amalowa bwinobwino, ndiye ukadutsa malire enieni atsopano amayamba kufufuta akale mwakachetechete. Kuyang'ana pa Properties sikuthandiza. Njira ndi H2testw, kapena f3 kwa a Linux, zimene zimadzaza disiki yonse n'kuwerenganso zimene zalemba. Zimatenga nthawi, n'chifukwa chake pa benchi savomera. Ena amati uiyeze kulemera m'manja, yopepuka ndi yabodza. Zimenezo ayi. SSD zenizeni zambiri ukazitsegula mumangokhala kabolodi kakang'ono pakona, kwinako mpweya.

Ndaonanso za kaunjika, zochokera m'malaputopu a m'maofesi a kunja. Zimenezi sindizinyoza. Ukaloledwa kuilumikiza, umayang'ana SMART nambala 9, maola amene yagwira ntchito, ndi nambala 241, kuchuluka kwa zimene zalembedwamo chiipangireni, n'kuyerekeza ndi malire amene wopanga analonjeza. Pa 500GB, 870 EVO inalonjezedwa 300TB, Crucial MX500 180TB, ndipo Kingston A400 ya 480GB 160TB. Kuti umalize 300TB m'zaka 5 uyenera kulemba zoposa 160GB tsiku lililonse. Kaundula wa mbatatesi sangafike kumeneko ngakhale zidzukulu zitalowa m'kalabu. Mantha aja akuti SSD imatha msanga, pa ntchito ngati iyi, ndi opanda pake.

A400 ndi Crucial BX500 zilibe DRAM, kamemori kosungira mapu a pomwe chilichonse chili, pamene MX500 ndi 870 EVO zili nayo. Pa moto kusiyana kwake n'kochepa, ndipo pa Excel munthu sangazindikire. Chimene chandikankhira ku 500GB yeniyeni ndi china: ndikufuna kukopera disiki yonse momwe ilili, ndipo Clonezilla, pulogalamu yokoperayo, imafuna kuti kolowera kukhale kofanana kapena kokulirapo. 480GB ndi yochepa kwa 500GB, ndiye pangafunike kuyamba ndachepetsa gawo la Windows pa disiki imene ikudwala kale. Sindikufuna kuivutitsa.

Shopu ina ili ndi 870 EVO ya 500GB yomata, ndipo avomera kulemba pa lisiti kuti ndikhoza kubweza ikalephera mayeso. Mtengo wake ukuposa wa disiki yozungulira ya 1TB. Ndalama ndi za kalabu, ndiye sindingagule ndisanafunse.

Lachisanu

Ndaimbira azakhali. Titapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, ndawafotokozera.

"Iwe, ndiye ukuti tigule yaing'ono pa mtengo wokwera? Komiti ndikaiuza chiyani?"

"Mukawauze kuti za kalabu zonse sizikukwana 1GB, azakhali. Pa 500 patsala malo oti simudzawamaliza. Komanso iyi mulibe chozungulira, pa kabaza siivulala."

"Nanga moto?"

"Moto uwonjezekera pang'ono. Mwina mphindi 20."

Anakhala kaye chete. "Mphindi 20 zokha? Mwanangu, misonkhano yathu ija umaidziwa. Pemphero lokha limatha mphindi 20."

Ndawauza kuti zotsalazo ndikazifuna kwina, osati m'disiki. Madzulo atumiza uthenga kuti apampando ndi msungichuma avomera.

Lolemba lotsatira

Ndagula. Pulogalamu ya Samsung Magician yaivomera kuti ndi yeniyeni, SMART ikuonetsa kuti sinagwirepo ntchito, ndipo H2testw yadzaza n'kuwerenga popanda cholakwika.

Ndinaganizapo zoika Windows yatsopano, imene ikanakhala yoyera bwino, koma Office imene ilimo ndi pulogalamu ya printa ya kusukulu kumene amakasindikiza zikanavuta kubwezeretsa. Choncho ndakopera. SSD ndailumikiza ndi chingwe cha USB kupita ku SATA pa doko labuluu la kumanzere, chifukwa awiri a kumanzerewo ndiwo a USB 3.0, lachikasu la kumanja ndi la 2.0. Clonezilla ndaiuza kuti ikapeza gawo losawerengeka ilumphe, isaime. Yadandaula pamalo angapo n'kumaliza.

Kusintha disiki pa X230 n'kosavuta, ndipo apa amene anaipanga ndimawavulira chipewa. Uchotse batire kaye. Sikuluu imodzi imatsegula kachitseko ka pambali, umakoka kalilime ka pulasitiki, disiki n'kutuluka itavala timphira tiwiri m'mbali ndi kachitsulo komangidwa ndi masikuluu anayi. Zonsezo umazisamutsira ku yatsopano. Timphirato musatitaye poganiza kuti SSD siifuna chitetezo. Popanda ito imagwedera m'malo mwake ndipo polumikizira pamatha kuthyoka. Kachitsekoko kanali kodzaza fumbi lofiira.

Yayaka ulendo woyamba. Ndayendetsa chkdsk ndi sfc /scannow, malamulo ofufuza ndi kukonza zowonongeka, chifukwa cha magawo olumphidwa aja, ndipo sfc yakonza mafayilo angapo a Windows. Kuyaka kumene kunkatenga nthawi yoti munthu n'kuthira tiyi, tsopano ndi masekondi osakwana 30.

Za Windows 10 ndingonena mwachidule. Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 siivomereza purosesa ya m'badwo wachitatu ngati iyi. Laputopuyi siilowa pa intaneti kawirikawiri, ndiye pakadali pano ikhala momwemo. Linux Mint ingayende bwino pamenepa, koma imeneyo ndi nkhani yofuna kukhala pansi ndi azakhali, osati kuwadzidzimutsa.

Lachiwiri

Tsiku loyeza. Ndisanayambe ndaona zinthu zitatu. Mu BIOS, makonzedwe a laputopu olowamo Windows isanayake, SATA ili pa njira yotchedwa AHCI, osati Compatibility. Pa Compatibility njira zogonetsera zija sizigwira. Lamulo lakuti fsutil behavior query DisableDeleteNotify layankha 0, kutanthauza kuti TRIM, njira imene Windows imauzira SSD malo amene afufutidwa, ikugwira ntchito. Chachitatu ndi chimene ambiri sachidziwa chifukwa Windows inachibisa. M'makonzedwe a moto muli mzere wa AHCI Link Power Management, ndipo umaoneka ukalemba kuti powercfg -attributes SUB_DISK 0b2d69d7-a2a1-449c-9680-f91c70521c60 -ATTRIB_HIDE. Utatuluka ndasankha HIPM+DIPM pa batire. Popanda zimenezi chingwe cha SATA chimakhala maso nthawi zonse, SSD siifika pa tulo take, ndipo phindu limene wagulira limachepa. A Linux zomwezi amazipeza pa dzina lakuti med_power_with_dipm, limene linalowa mu kernel 4.15.

Ndayeza monga Lolemba lija: Excel yotsegula, Wi-Fi yozimitsa, sikirini mpaka kumapeto. Ikudya pakati pa mawati 11 ndi 12. Wati imodzi, monga ndinalembera. Kulumpha kuja kukuchitikabe koma kukutha m'kanthawi kochepa, pamene kale kunkakhala mphindi zathunthu. Pansi pa dzanja lamanja, pomwe pankafunda, tsopano pakuzizira.

Kenako ndatsitsa kuwala kwa sikirini kufika pakati. Mawati awiri apita pomwepo, osalipira khobidi. Ndakhala ndikuyang'ana nambalayo n'kumaseka ndekha: sabata yathunthu ya mapepala ndi mashopu yandipatsa wati imodzi, batani limodzi landipatsa awiri. Azakhali amakweza kuwala chifukwa misonkhano imachitikira panja pansi pa mtengo, ndiye ndikawapempha kuti mlembi azikhala pamthunzi weniweni, dzuwa lisamawombe pa sikirini. Ndakulitsanso zilembo mu Excel kuti asamavutike kuona.

Ndazimitsa Bluetooth, ndachotsa mapulogalamu oyamba okha laputopu ikayaka, amene ambiri anali ofufuza zatsopano pa intaneti imene kulibe. Ndatsegula, ndapukuta fani, ndapaka phala latsopano lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Zonse pamodzi tsopano ili pakati pa mawati 9 ndi 10. Pa 40 Wh ndi maola 4 ndi mphindi zingapo, kuchoka pa maola 3. Pa ola lowonjezekalo, gawo la SSD ndi laling'ono.

Lachitatu

Ndaisiya kuti ithe moto yokha ndione mathero ake. Itafika cha m'ma 20 peresenti yangothima, phi, osachenjeza. Ili ndiye dandaulo lenileni la azakhali lija. Selo limodzi m'batiremo lafooka, ndiye mphamvu imagwa mwadzidzidzi pamene Windows ikuganiza kuti mwatsala moto. Kuthima kotere n'koipa kwa disiki iliyonse, ndipo SSD ikadulidwa moto ili mkati molemba imatha kutaya zimene zinali zisanakhazikike. Ndasintha kuti chenjezo lizibwera pa 35 peresenti ndipo pa 28 izisunga zonse n'kuzima yokha. Zatidyera mphindi zina pa zimene tinapeza dzulo, koma bola kuzima mwaulemu kusiyana ndi kutaya kaundula wa tsiku lonse.

Batire latsopano ndilo lingasinthe zinthu. La maselo 6 pa mawati 9.5 lingapereke maola opitirira 6, ndipo la maselo 9, la 94 Wh, pafupifupi maola 10. Pogula pafunika kusamala chifukwa X230 imafunsa batire kuti lidzitsimikize, ndipo lopanda kachipangizo koyenera imakana kulichaja. Lofanana maonekedwe la X220 limalowa bwinobwino koma silichajika. Aliyense wokagula apite ndi laputopuyo, aone kuti peresenti ikukwera asanapereke ndalama.

Kwina kumene moto ukutayika ndi kunja kwa laputopu. Panopa umachoka m'batire la sola uli 12V, inveta imaukweza kufika 230V, chaja n'kuutsitsanso kufika 20V. Pa sitepe iliyonse wina umasanduka kutentha, ndipo inveta imadya ngakhale palibe cholumikizidwa, kawirikawiri kuposa wati imodzi imene ndakhala ndikuithamangitsa. Chaja ya m'galimoto, yotenga 12V n'kupereka 20V mwachindunji, ingachotse inveta panjira. Iyenera kukhala ya pulagi yozungulira ya 7.9mm yokhala ndi kasingano pakati, chifukwa kasinganoko ndi kamene kamauza ThinkPad kuti chajayo ndi ya mawati 65 kapena 90. M'mashopu amene ndinayenda sindinaione. Ndalembera msuweni wa ku Johannesburg kuti akaipeza aitumize ndi wobwera pa basi.

Lachisanu

Disiki yakale sindiibweza ngati posungira zinthu, ngakhale azakhali anafunsa. Yayamba kale kutaya mafayilo. Ndaisunga m'kabati mpaka atatsimikiza kuti palibe chosowa, kenako ndidzaifufuta yonse chifukwa muli mayina ndi ngongole za anthu.

Chimene disiki yozungulira inali nacho chabwino n'chakuti imadwala moonekera: imalira, imachedwa, imapereka mpata wopulumutsa zinthu, monga yachitira iyi. SSD nthawi zambiri siitero. Dzulo inali bwino, lero laputopu siikuiona. Ndiye ndagula maflashi awiri, ndawayesa ndi H2testw, ndipo pa Desktop ndaika kafayilo koti akakadina kawiri kamakopera chikwatu cha kalabu ku flashi imene yalowetsedwa. Imodzi izikhala kwa azakhali, ina kwa msungichuma, azisinthana pa msonkhano uliwonse. Disiki yozungulira ya USB ndinaiganizira, koma podzuka imafuna moto woposa 500mA umene doko la USB 2.0 limalonjeza, ndipo ikanakwera kabaza yemweyo.

Laputopu inyamuka mawa pa minibasi ya ku Dedza ndi mwana wa achimwene. M'kati mwa chivundikiro ndamatamo kapepala ka mizere itatu: kuwala pakati, muzizimitsa musananyamuke, flashi msonkhano ukatha. Zotsala ndi chaja ya 12V, ndi batire la maselo 9 komiti ikagulitsa mbatatesi n'kupeza ndalama. Mwezi ukatha ndidzapempha azakhali kuti mwana wa kusekondale wa pakhomopo ayendetsenso powercfg /batteryreport anditumizire pa WhatsApp, ndione ngati maola 4 a patebulo panga akukwanadi kumudzi, komanso ngati 40 Wh ija ikupitirira kutsika.